Ayisi m'mowa? Ine ndinasiya

Loweruka lina mu Okutobala, magetsi atazima kuyambira m'mawa, mnzanga anandiponyera ayisi m'tambula ya Green. "Imwa aise, ku Vietnam amatero." Zoonadi, kumeneko n'chizolowezi. Koma posakhalitsa thovu linathawa, mowa n'kusukuluka ngati tiyi wa pamaliro.

Kusukulukako ndikanapirira. Chinandidetsa nkhawa n'chakuti ayisiyo tinagula m'jumbo pamsika, osadziwa kuti madzi ake anatungidwa kuti. Kuundana sikupha tizilombo tonse, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sitinauiwale.

Masiku ano ayisi ndimathira m'ndowa, kuonjezera madzi ndi kamchere, n'kumizamo botolo losatsegula. Pakatha mphindi 15 lazizira bwinobwino. Ndimangotsuka kukamwa kwake ndi madzi abwino, basi.