Boti la pa Chilwa limawonongekera pamtunda

Pa doko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, boti la matabwa ndiye minibasi. Anthu a pa chilumba cha Chisi amalidalira popita kumsika ndi kuchipatala, ndipo matumba a matemba ndi milamba yowamba amafika kumtunda pa boti lomweli. Koma ambiri mwa ife tikakwera timangoyang'ana pokhala, osafunsa kuti botilo linakonzedwa liti.

Chodabwitsa n'chakuti boti limavutika kwambiri likakhala kunja kwa madzi. Thabwa likanyowa limafufuma ndipo mipata imatsekeka yokha. Likauma padzuwa limanyala, mipata n'kutseguka, misomali n'kuyamba kugwedera. Pa Chilwa vutoli ndi lalikulu chifukwa nyanjayi ndi yosaya ndipo imabwerera msanga m'chilimwe. Inaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, maboti atangoti mbwee pamtunda kwa miyezi. Madzi atabwerera ndi mvula ya mu 2019, boti lililonse linkafuna mmisiri lisanatenge munthu.

Nanga ntchitoyo imayenda bwanji? Choyamba amalikokera kumtunda n'kulipendeketsa, kenako n'kupala matope, ndere ndi phula lakale. Mmisiri amagogoda thabwa lililonse. Lolimba limalira bwino, lowola limangoti phuu, ndipo mpeni umalowa ngati m'chinangwa chophika. Loterolo amalichotsa, osati kulimata. Amaonanso nthiti za m'kati, poti ndizo zimagwira boti lonse. Misomali nayo siichedwa kuchita dzimbiri, chifukwa Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi: Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, ndiye madzi ake ali ndi kamchere.

Kenako pamabwera ntchito yofuna kudekha. Amapota thonje kapena nsanza n'kuzikhomerera m'mipata ya matabwa, pamwamba n'kuthira phula lotentha. Utoto umabwera pomaliza. Apa m'pamene eni maboti ena amachita chinyengo: amapaka utoto wowala pa thabwa lowola, boti n'kumaoneka latsopano. Akamaliza zonse, boti amaliika m'madzi osaya kwa masiku angapo kuti matabwa amwe madzi, akuona pamene pakudontha.

Boti loyendera mphepo limafunanso kuliona thanga, mlongoti ndi zingwe. Kadzenje kakang'ono pa thanga kamang'ambika mpaka pansi mwera ukawomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ndipo poti nyanjayi ndi yosaya, mafunde ake amakhala afupiafupi, omenya boti mosalekeza. Nsungwi yokankhira, nkhafi ndi chigubu chokapira madzi siziyenera kusowa.

Zonsezi zimadya ndalama pa nthawi yovuta. Nthawi yabwino yokonza ndi ya mvula, pamene makoka aletsedwa kuti nsomba ziswane, koma ndi nthawi yomweyonso imene m'thumba mwa msodzi mumakhala mopanda kanthu. Yemwe sanasungeko pa nthawi ya matemba amangomata pamwamba n'kubwerera pamadzi.

Ndiye tsiku lina mukadzapita ku Chisi kukajambula zithunzi zoika pa Facebook, yambani mwasuzumira pansi pa boti. Ngati mnyamata akukapa madzi musananyamuke n'komwe, kapena katundu wachuluka mpaka m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kukhudza madzi, dikirani lina. Kuchedwa ndi ola limodzi pa Kachulu sikunaphepo munthu.