Dzina Limodzi si Magazi Amodzi: Kasungidwe ka Zolembedwa Pofufuza Mbiri ya Dzina

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Ophunzira ambiri akafuna kudziwa mbiri ya makolo amayambira pa iwo eni n'kumakwera: bambo, agogo, makolo a agogowo. Koma pali njira inanso. Wofufuza amasankha dzina limodzi, tiyerekeze Saidi, n'kumasonkhanitsa aliyense amene anadziwika nalo, kaya ndi m'bale wake kaya ayi, kuti aone kumene dzinalo linachokera, mmene linafalikira ndiponso mabanja amene akulinyamula. Ku Britain kuli bungwe la anthu ochita zimenezi, Guild of One-Name Studies, lomwe linakhazikitsidwa mu 1979. Kwa ife Asilamu ntchitoyi si yachilendo. Imam al-Sam'ani wa ku Marw, yemwe anamwalira mu 562 Hijri (1166), m'buku lake al-Ansab anandandalika maina ochokera ku mitundu, mizinda ndi ntchito motsatira zilembo, ndipo pansi pa dzina lililonse anatchula anthu odziwika amene analinyamula.

Ntchitoyi imakoma poyamba. Pakatha miyezi ingapo wofufuza amapezeka ali ndi mulu wa mapepala, zithunzi m'foni ndi mawu a okalamba, ndipo mu zonsezo a Saidi alimo makumi angapo. Apa m'pamene pamalowera ngozi: kutenga anthu awiri n'kuwasandutsa munthu mmodzi chifukwa choti dzina likufanana.

Chifukwa chake tiyenera kusamala

M'Shariya, nasab, kutanthauza mzere wa kubadwa kwa munthu, imanyamula malamulo. Pa iyo pakhazikika kagawidwe ka chuma cha masiye, kudziwa amene n'koletsedwa kukwatirana naye, ndi kudziwa woyenera kukhala walii pa nikah. Zaid bin Haritha ankatchedwa Zaid bin Muhammad mpaka pamene ndime 5 ya Surah al-Ahzab inalamula kuti ana oleredwa aziitanidwa ndi maina a abambo awo owabereka. Choncho mzere umene wophunzira wajambula papepala kulumikiza Saidi uyu ndi Saidi uja ungathe, patapita zaka, kuwerengedwa pa bwalo la achibale monga umboni, wina n'kulandira gawo losakhala lake, wina n'kumanidwa lake.

Mmene anachitira akatswiri a Hadith

Maulama a Hadith anakumana ndi vutoli kalekale, pakuti kusokoneza wolandira Hadith wodalirika ndi mnzake wofooka wa dzina lomwelo kumasintha chigamulo cha Hadith yonse. Al-Khatib al-Baghdadi, yemwe anamwalira mu 463 Hijri (1071), analemba al-Muttafiq wal-Muftariq, buku la anthu ofanana maina koma osiyana. Ibn al-Salah anatchula anthu 6 odziwika ndi dzina loti al-Khalil bin Ahmad. Ku Basra kunali a Hammad awiri a nthawi imodzi, Hammad bin Salama ndi Hammad bin Zaid, ndipo pamene mndandanda wa olandira wangoti Hammad, maulama ankawasiyanitsa poona aphunzitsi ndi ophunzira a aliyense. Al-Daraqutni naye analemba za maina olembedwa mofanana koma otchulidwa mosiyana, monga Salam ndi Sallam.

Anaonanso kuti dzina la mtundu silitsimikiza magazi. Imam al-Bukhari amatchedwa al-Ju'fi, koma sanali wa fuko la Aarabu la Ju'fi: kholo lake al-Mughira linalowa Chisilamu kudzera mwa al-Yaman al-Ju'fi, bwanamkubwa wa ku Bukhara, banja lonse n'kutengera dzinalo. Swahaba wotchuka al-Miqdad bin al-Aswad anali mwana wa Amr, al-Aswad anangomulera. Phunziro lake n'loti munthu amadziwika ndi omuzungulira, malo ake ndi nthawi yake. Dzina palokha ndi poyambira chabe.

Maina athu kuno

Kwathu kuno vutoli n'lokulirapo. M'mabanja ambiri a Asilamu dzina loyamba la bambo ndilo limakhala dzina lachiwiri la mwana, motero dzina la banja limasintha m'badwo uliwonse. Mnyamata amatha kulandira dzina lina ku jando. Amene anapita kukagwira ntchito ku Joni kapena ku Halale analembedwa ndi akalaliki monga mmene akalalikiwo anamvera. Kalembedwe koti Saidi kangabise maina awiri a Chiarabu, Sa'id ndi Sayyid, ndipo munthu mmodzi angapezeke ali Saidi m'kaundula wa sukulu, Sayidi pa kalata ndi Said pa chiphaso. Maina a mfunda monga Phiri, Banda ndi Mbewe ali ndi anthu ochuluka m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amene ubale wawo sungalondolozeke. Palinso maina a mpando: Jumbe wa ku Nkhotakota, Makanjira, Mponda ndi Mataka ndi maina amene anthu analowerana. Kalata yotchula Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ndi ina ya m'ma 1890 tisazione ngati zikunena munthu mmodzi.

Malo atatu osungiramo

Timalangiza ophunzira kuti agawe zolembedwa zawo patatu, ndipo zitatuzi zisasakanikirane, kaya akugwiritsa ntchito makope kaya kompyuta.

Choyamba ndi buku la magwero. Chilichonse chimene tatengamo nkhani chipatsidwe nambala yake: kaundula wa nikah wa pamzikiti, buku la maina la pamadrasa, kalata yakale, faili ya ku National Archives ku Zomba, kapena kucheza ndi agogo. Tilembe kumene gwerolo lili, tsiku limene tinaliona ndi chinenero chake. Ngati ndi mawu apakamwa, tilembe amene ananena, zaka zake, ndiponso ngati anaona yekha kapena anangomva kwa wina. Imeneyi ndiyo isnad ya wofufuza.

Chachiwiri ndi makadi. Nthawi iliyonse imene dzina lapezeka m'gwero lilandire kadi lake. Pakadipo tilembe dzinalo ndendende mmene lalembedwera, m'zilembo za Chiarabu ngati linali m'Chiarabu, popanda kulikonza. Tiwonjezere nambala ya gwero, malo, tsiku, chimene chinachitika ndi anthu ena otchulidwa naye limodzi: mboni, walii, mkazi, mfumu ya mudzi, shehe womangitsa ukwati. Kalembedwe kamodzi kamene tasankha kuti tizifunira makadiwo kakhale pakona, padera. Tsiku la Hijri tilisiye momwemo, lomwe tawerengera tilembe pambali, pakuti chaka cha Hijri n'chochepa ndi masiku pafupifupi 11 ndipo kawirikawiri chimagwera m'zaka ziwiri za kalendala ya boma.

Chachitatu ndi mafaili a anthu. Munthu aliyense apatsidwe nambala yosasintha, chifukwa dzina limasintha koma nambala ayi. Makadi awiri alowe m'faili imodzi pokhapokha agwirizana pa zinthu zina kuwonjezera pa dzina, ndipo chifukwa chowaphatikizira chilembedwe. Tiyerekeze kuti tili ndi kadi la Saidi amene anakwatira ku Mangochi mu 1958, ndi lina la Saidi amene anatumiza kalata kuchokera ku Bulawayo mu 1961. Ngati kalatayo ikutchula mkazi yemweyo ndi mudzi womwewo, tili ndi pogwira. Ngati sikutchula, akhale anthu awiri mpaka umboni utapezeka. Kuphatikiza mafaili awiri mawa n'kosavuta, koma kulekanitsa anthu amene tawasakaniza, ana ndi zidzukulu zawo titazilumikiza kale, ndi ntchito yowawa.

Pa ubale uliwonse tilembe mlingo wake monga amachitira maulama a Fiqh: chotsimikizika, choganiziridwa mwamphamvu, kapena chokayikitsa. Tisanyoze mawu a m'mudzi, pakuti maulama amavomereza kuti nasab ikhazikike ndi mbiri yofala pakati pa anthu ambiri, imene amaitcha istifadha. Koma nkhani yochokera kwa munthu mmodzi, ngakhale aibwereze adzukulu ake khumi, gwero lake likadali limodzi.

Zimene zimaiwalika

Kafukufuku wa dzina amakonda kutsata amuna okha. M'faili iliyonse mukhale malo a mayi ndi mbumba yake, chifukwa pakati pa Ayao ndi Achewa okalamba amakumbukira bwino mzere wa kuchikazi, ndipo m'Shariya mayi, ana aakazi ndi alongo ali ndi magawo awo pa chuma cha masiye. Mukhalenso malo a kuyamwitsa. M'madhhab a Imam al-Shafi'i, mwana akayamwa kasanu pa nthawi zosiyana asanakwanitse zaka ziwiri, pamabadwa ubale woletsa ukwati, ngakhale kuti subweretsa kulowerana chuma. Ubale umenewu suoneka m'dzina, ndipo woyamwitsayo akamwalira umaiwalika msanga.

Potsiriza, zolembedwazi ndi amana. Wofufuza amamva zinsinsi za mabanja, ndipo kukayikira poyera kubadwa kwa munthu ndi tchimo lalikulu. Za anthu amoyo zisungidwe padera, zisafalitsidwe popanda chilolezo chawo. Zonse zikhale ndi kope lachiwiri kunyumba ina, poti chiswe, mvula ndi foni yotayika sizisankha.

Aphunzitsi angayambe ndi zochepa: dzina limodzi, mudzi umodzi, makadi 20, wophunzira aliyense afotokoze chifukwa chimene waphatikizira kapena walekanitsira. Wophunzira amene wazolowera kunena kuti “apa umboni sunakwane” waphunzira chimene maulama a Hadith ankachisunga kwambiri. Allah ndiye Wodziwa koposa.