KODI A KUMBUYO AKUMVA? Za chimkuzamau pa misonkhano ya m'parishi

Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata ya Maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka konkuno, kwa a Montfort, koma akhristu ambiri sadaigwire m'manja. Adachita kuimva ndi makutu. Mpaka lero nkhani zambiri za ufulu, zisankho ndi chitukuko zimatifika momwemo, wina akulankhula kutsogolo, ife tili pa benchi. Nchifukwa chake chimkuzamau si nkhani ya anyamata a kwaya okha. Ngati m'holo ya parishi akumva ndi anthu a m'mabenchi atatu akutsogolo, ndiye kuti mfundo zamangidwa ndi anthu amenewo, ena onse angoombera m'manja.

Mau akavuta, ambiri a ife mankhwala athu ndi amodzi: kukweza voliyumu. Kawirikawiri mankhwala amenewa amakulitsa matenda.

MAU AKAMABWERERA

Mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Akagunda chinthu cholimba ndi chosalala amanjanja ngati mpira nkubwerera. Ngati khoma lakumbuyo lili pa mtunda wa mamita 17 kapena kuposa, khutu limamva liu limodzi kawiri. M'holo yaing'ono simumva kawiri, koma mau amazungulira m'makoma, liu loyamba lisanathe lachiwiri lafika kale, ndipo zonse zimasanduka phala. Tsono taonani mamangidwe a nyumba zathu: makoma a pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Palibe chomeza mau. Mukakweza voliyumu, mwakwezanso mau obwererawo.

Amene amavutika koposa ndi agogo athu amene makutu adayamba kufooka, ndiponso abale amene Chichewa si chiyankhulo cha kubere. Ku Mpiri, ku Nsanama ndi ku Ulongwe, misonkhano ya chitukuko imabweretsa anthu ambiri olankhula Chiyao, ena mwa iwo abale athu Achisilamu. Munthu womvera m'chiyankhulo chachiwiri akaphonya mau awiri, chiganizo chonse chamuthawa. Sadandaula ai. Amangokhala chete, ulendo wina osabweranso.

Kuyesa nyumba nkosavuta. Lowani m'holo mulibe anthu, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu, mumvetsere. Ngati phokoso likupitirira kwa kanthawi, vuto lili m'nyumbayo, osati m'makina.

Vutoli si la ku Malawi kokha. M'chaka cha 1895, sukulu ya ukachenjede ya Harvard ku America idali ndi chipinda chophunzitsira chimene liu limatha masekondi oposa asanu lisanazime. Mphunzitsi wachinyamata, Wallace Sabine, ankatuta makhushoni a m'mipando ya holo ina usiku, nkumayesa kusintha kwa mau. Adapeza kuti zinthu zofewa zikachuluka, mau amazima msanga. Nzeru yomweyo ndi imene omanga maholo amatsata mpaka lero, ndipo ife tingaitsate ndi zimene tili nazo. Pachikani mabulangete, makatani okhuthala kapena mikeka pa khoma lakumbuyo, motalikirako pang'ono ndi khomalo. Chitenje chimodzi chopyapyala chimakongoletsa, koma sichithandiza kwenikweni pokhapokha mutachisanjikiza. Tsekulani mazenera onse, pakuti mau otulukira pa zenera sabwereranso, ndipo ndi kutentha kwa kuno palibe angakane. Anthu nawonso amameza mau ndi matupi ndi zovala zawo, motero holo ikadzaza imamveka mosiyana ndi mmene munaiyesera m'mawa. Ngati anthu achepa, apempheni asendere kutsogolo.

Masipika akwezedwe pamwamba pa mitu ya anthu, apendekere pansi pang'ono kuloza mabenchi. Sipika yoloza khoma lakumbuyo ikulankhula ndi njerwa.

Palinso kubwerera kwina kochita kupanga dala. Pa ampulifaya kapena mikisa pamakhala kabatani kolembedwa Echo. Kuno kwao kwa Alleluya Band nyimbo timazikonda, ndipo poimba kabataniko kamakometsa. Koma kwaya ikatha, munthu nkuyamba kufotokoza ndondomeko ya ndalama za chigayo kapena kavotedwe, kabataniko katsitsidwe mpaka pansi. Ine ndimaona kuti theka la madandaulo athu lingathere pomwepa.

CHIMKUZAMAU CHIKAMALIRA

Kulira kwa tswiii kumene kumadzidzimutsa ana kumabwera motere: maikolofoni yatola mau otuluka m'sipika, ampulifaya yawakuza, sipika yawatulutsanso, maikolofoni yawatolanso, mpaka kuzungulirako kwasanduka mluzu. Choncho wolankhula aime kumbuyo kwa masipika, osati kutsogolo kwake, ndipo asalozetse maikolofoni ku sipika. Maikolofoni ambiri a m'manja adapangidwa kuti azimva kutsogolo kokha. Mukafumbata mutu wake ndi chikhatho, monga amachitira oimba ena, mwatseka timabowo tothandiza zimenezi, ndipo imayamba kutola mau a mbali zonse. Kuifumbata ikalira kumangowonjezera kulirako. Tsitsani voliyumu pang'ono basi. Maikolofoni amene sakugwira ntchito azimitsidwe, pakuti iliyonse yotsekula ikumvera masipika nayonso.

MLINGO WA MAU

Ku sukulu ya uphunzitsi ankatiuza kuti tizilankhula ndi mwana wa pa mzere womaliza. Maikolofoni idabwera kudzathandiza mau, osati kudzalowa m'malo mwake. Igwireni pa mtunda wa zala zinayi kuchokera pakamwa. Mukaitalikitsa kawiri, mphamvu ya mau ofika kwa iyo imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye amai akaigwirira pamimba chifukwa cha manyazi, mnyamata wa pa makina amakweza, kenaka bambo wa mau aakulu akailandira nkuiika pa milomo, holo yonse imagwedezeka. Nkwabwino apampando kuonetsa kagwiridwe kake msonkhano usanayambe. Poiyesa musaimenye kapena kuiuzira mpweya. Lankhulani monga mmene mudzalankhulire.

Pa mikisa, maikolofoni iliyonse ili ndi kabatani kake kolembedwa Gain, ndipo pali batani lina lalikulu la zonse. Yambani ndi kakang'onoko. Wina azilankhula, inu muzikweza pang'onopang'ono. Kanyali kofiira kakamayaka pafupipafupi, mau ayamba kuphwanyika, bwezani m'mbuyo. Mukatero kwezani lalikulu mpaka wa pa benchi yomaliza akweze dzanja kuti akumva. Mau akamamveka ngati akuchokera m'mgolo, chepetsani Bass. Mukapeza malo abwino, lembani chizindikiro ndi cholembera pa kapepala komata, kuti wobwera mawa asayambirenso.

Mau odukaduka pa maikolofoni yopanda chingwe nthawi zambiri ndi mabatire. Kung'ung'uza kosalekeza kumachokera ku chingwe chothyoka mkati kapena chogona pamodzi ndi mawaya a magetsi ndi a jenereta. Sinthani chingwe chimodzichimodzi musanaweruze kuti ampulifaya yafa, parishi nkuyamba kusonkhetsa akhristu ndalama zogulira ina.

Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, misonkhano ina imalumikizidwa pa Zoom kapena WhatsApp ndi anzathu a ku dayosizi. Apa pali chodabwitsa: amene akumva mau ake akubwerera si amene ali ndi vuto. Ngati a ku Mangochi akudandaula kuti akudzimva kawiri, ndiye kuti maikolofoni ya kuno ikutola mau awo m'sipika yathu nkuwabwezera. Tsitsani sipikayo, italikitseni, ndipo m'chipinda chimodzi mukhale lamya kapena kompyuta imodzi yokha yotsekula mau.

Nthawi ya mafunso ndi imene timaiiwala. Maikolofoni imakhala pa tebulo la akuluakulu, wofunsa ali kumbuyo, ndipo anthu amamva yankho osadziwa funso. Musankhe wachinyamata mmodzi woyenda nayo m'mabenchi. Ngati chingwe ndi chachifupi, apampando abwereze funsolo pa maikolofoni, m'Chichewa ndi m'Chiyao pamene pafunika, asanapereke mpata kwa woyankha.