Kusintha mashoko akutsogolo pakhomo: ngozi yagona pa sipuling'i

Mvula ikatha, misewu yambiri ya m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu imatsala ndi maenje, ndipo choyamba kuvutika pa galimoto ndi mashoko akutsogolo. Shoko ikatha mphamvu, galimoto imanjanja ikadutsa pa bampu, imaweramira kutsogolo mabuleki akapondedwa, imadya matayala mosalingana ndipo imachedwa kuima. Mwini galimoto wodziwa kugwira sipanala angathe kusintha yekha mashokowa pakhomo, komatu ntchitoyi ili ndi ngozi yake.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zili ndi mwendo wakutsogolo wotchedwa MacPherson strut, dzina lochokera kwa injiniya wa ku America, Earle MacPherson. Mwendowu ndi paipi yachitsulo yokhala ndi shoko m'kati ndi sipuling'i kunja. Pamwamba umamangidwa ku thupi la galimoto, pansi ku chitsulo chogwira tayala. Motero umanyamula kulemera kwa galimoto, komanso umatembenuka limodzi ndi tayala chiwongolero chikakhotetsedwa.

Pa galimoto zina zakale, monga Volkswagen Citi Golf imene inkapangidwa ku South Africa mpaka 2009 ndi BMW E30, paipiyo imatsekedwa ndi nati yaikulu pakamwa pake. Natiyo ikamasulidwa, shoko yam'kati, imene ogulitsa zipangizo amaitchula kuti insert kapena katiriji, imasololedwa n'kulowetsamo yatsopano. Koma pa galimoto zambiri za masiku ano, kuphatikizapo zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, paipiyo ndi yomatidwa ku fakitale ndipo mwendo umagulidwa wathunthu. Choncho mwini galimoto ayambe wayang'ana ngati natiyo ilipo asanapite kusitolo.

Ntchito imayambira pamalo olimba ndi athyathyathya. Handibuleki imakokedwa, matayala akumbuyo amatchingidwa, kenako galimoto imakwezedwa n'kukhazikidwa pa masitandi achitsulo. Jeke payekha kapena mulu wa njerwa si zodalirika. Tayala likachotsedwa, paipi ya mabuleki imamasulidwa pamene yakoledwa ku mwendo, ndipo chogwira mabuleki chimamangiriridwa ndi waya kuti chisalendewere pa paipiyo. Malo amene mabawuti apansi akhala amalembedwa chizindikiro asanamasulidwe, chifukwa pa galimoto zina ndiwo amaongola kaimidwe ka tayala. Pomaliza pamamasulidwa manati ang'onoang'ono apamwamba, m'kati mwa boneti, ndipo mwendo umatuluka wonse.

Apa ndiye pagona ngozi. Sipuling'i imakhala yopanikizika ngakhale mwendo uli pansi, ndipo chimene chimaigwira ndi nati yapakati ya pamwamba penipeni. Natiyi ikamasulidwa msanga, sipuling'i imafwamphuka ndi mphamvu yotha kuthyola nsagwada kapena zala. Pafunika zopanikizira sipuling'i ziwiri, zokoledwa moyang'anizana ndi kumangidwa mosinthanasinthana mpaka sipuling'iyo itamasuka pampando wake. Chingwe, waya kapena lamba sizingalowe m'malo mwa zipangizozi. Amene alibe zopanikizira ndi bwino anyamule mwendowo kupita nawo kwa makaniko.

Sipuling'i ikachoka, mwendo umagwiridwa pa vayisi kuti nati yaikulu ija imasulidwe. Kawirikawiri imakhala itagwira dzimbiri, kotero imafuna mafuta ofewetsera dzimbiri ndi sipanala yaitali. M'miyendo ina mumatuluka mafuta akale, amene ayenera kuthiridwa m'chigubu, osati mu ngalande. Paipi ikatsukidwa, katiriji yatsopano imalowetsedwa. Opanga ena amalangiza kuthiramo mafuta pang'ono othandiza kutulutsa kutentha, pamene ena amaletsa, choncho pepala lobwera ndi shokoyo ndilo liyenera kutsatidwa. Ndodo yonyezimira ya shoko isagwiridwe ndi pulayala, pakuti ikakandika imang'amba labala wotsekera mafuta ndipo shoko imayamba kudontha isanakhalitse.

Mwendo ukadali panja, ndi nthawi yabwino yoona labala ndi beya zapamwamba komanso chikwama chotchinga fumbi. Zimenezi zikasiyidwa zakutha, phokoso silichoka ngakhale shoko ili yatsopano. Pobwezera, nsonga ya sipuling'i ilowe pamalo ake pampando zopanikizira zisanamasulidwe, ndipo manati onse amangidwe pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo.

Mashoko amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa shoko yatsopano kumanja ndi yakutha kumanzere zimapangitsa galimoto kupendekeka poima ndi pokhota. Ntchito ikatha, ulendo woyamba ukhale wopita kokaongoletsa matayala pa makina. Popanda kutero, ndalama yopulumutsidwa posapita ku galaja imakathera pa matayala atsopano.