Sitima Zoyenda M'misewu ku Dziko la Malasha

Kum'mwera kwa dziko la Poland kuli cigawo cochedwa Upper Silesia, kumene anthu akhala akukumba malasha ndi kusungunula citsulo kwa zaka zoposa 200. Mizinda yambiri ya kumeneko inakula monga momwe inakulira Kitwe ndi Mufulira: pamene pakumbidwa mgodi, pomwepo pamangidwanso nyumba za anchito. Koma migodi yace inali yoyandikana kwambiri, kotero kuti Katowice, Chorzów, Bytom ndi Zabrze inakula kufikira inakhudzana. Mlendo sangadziwe pamene mzinda wina wathera ndi pamene unzace wayambira.

Cimene cinalumikiza mizindayi ndico tramu. Iyi ndi sitima yaing'ono yonyamula anthu okha, yoyenda pa njanji zoyalidwa m'misewu, ndipo imaima pafupipafupi monga basi. Zoyamba zinayenda m'caka ca 1894 zokokedwa ndi injini za nthunzi. Pofika 1898 anayamba kumanga mawaya a magetsi pamwamba pa njanji, ndipo utsi wa injini unacoka pa makomo a anthu.

Phindu lace kwa munthu wa pa mgodi linali lalikuru. Nchito ikamthera pa mgodi uwu, ankatha kukalembedwa ku mgodi wa mzinda wina osasamutsa mkazi ndi ana. Ankangokwera tramu m'mamawa ndi kubwerera madzulo. Ngakhale m'caka ca 1922, pamene cigawoci cinagawidwa pakati pa Poland ndi Germany, malire nadula njanji pakati, tramu zina zinapitirizabe kuoloka ndi anchito.

Mabvuto sanasowe. M'malo ambiri anayala njanji imodzi yokha, yokhala ndi popatukira apa ndi apo. Tsono tramu imodzi ikacedwa, inzace iyenera kuima kuidikira, ndipo onse okweramo acedwa pamodzi. Bvuto lina inu a m'migodi mulidziwa bwino: pansi pakakumbidwa, pamwamba pamatitimira. Nthaka ikatero njanji zimapindika, ndipo okonza sapuma.

Migodi yambiri itatsekedwa, njira zina zinafa nazo. Mzinda wa Gliwice unaleka tramu m'misewu yace mu 2009 nusankha mabasi. Koma mizinda ina inakonzanso njanji ndi kugula tramu zatsopano zotsika pansi, zoti nkhalamba ikwere mosabvutika. Ku Bytom, pa kanjira kakafupi ka nambala 38 mu msewu wa Piekarska, tramu zakale zopangidwa mu 1949 ndi 1951 zinanyamulabe anthu tsiku ndi tsiku kufikira 2020.