Zilembo zokandika zimakopa, koma zisafike pamtengo

Mwina mwaziona pamalaya a kaunjika, pazikwangwani za malo ometera kapena pamapositala a zoimbaimba: zilembo zikuluzikulu, zakuda bii, koma zokandikakandika ngati zadyedwa ndi chiswe. Sikuti penti inachepa ayi. Zimapangidwa dala choncho, ndipo m'mapulogalamu a pafoni monga Canva mumazipeza ndi dzina loti distressed kapena grunge.

Kalembedwe kameneka kamatengera zilembo zosema pamtengo zomwe osindikiza a ku America ankadindira mapositala m'zaka za m'ma 1800. Chilembo chikaperepeseka, inki sinkagwira paliponse, ndiye pankatsala timabala toyera. M'zaka za m'ma 1990, David Carson anatchukitsa zilembo zosokonekera m'magazini ya nyimbo ya Ray Gun. Mu 1994 anafika posindikiza nkhani yonse ya woimba Bryan Ferry ndi tizizindikiro tosawerengeka. Kwa iye chinali chidwi. Inu mukatero, kasitomala angodutsa n'kukagula kwa mnzanu.

Zilembozi zimagwira bwino ntchito pa dzina la bizinesi, likakhala lalifupi ndi lalikulu. Wogulitsa majinzi, nsapato kapena wokonza njinga zamoto zimamuyenera, chifukwa zimaonetsa mphamvu ndi unyamata. Koma wogulitsa nyama, mkaka kapena mandasi asamale: chikwangwani chooneka chakutha chimapatsa anthu maganizo oti ndi katundu yemwe ndi wogonera.

Pomwe pali ngozi yeniyeni ndi pamanambala. Ikakandika 8 imaoneka ngati 3, ndipo 7 imasanduka 1. Mwalemba K8,000, wogula wawerenga K3,000, mkangano wayamba. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikawerengedwa molakwika, ndalama zanu zipita kwa munthu wosamudziwa. Choncho mtengo, nambala ya foni ndi malo omwe mumapezeka zilembedwe ndi zilembo zosalala, zonenepa, zakuda poyera kapena zoyera pakuda.

Musanalipire wosindikiza, chitani zinthu zitatu. Choyamba, sindikizani kaye papepala wamba, mulimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi. Ngati simukuwerenga msanga, wodutsa paminibasi sangawerenge n'komwe. Chachiwiri, muonetse mwana wa sukulu awerenge mokweza. Akadodoma, sinthani. Chachitatu, funsani mtengo: pazomata zodulidwa ndi makina, timabala tija timafuna kuchotsedwa kamodzikamodzi ndi manja, ndiye ntchito imachuluka ndipo tizidutswa tating'ono timamatuka msanga.

Kumbukiraninso kuti dzuwa la mwezi wa Okutobala, fumbi ndi mvula zidzakanda chikwangwani chanu mwaulere. Mukayamba ndi zilembo zokandika kale, sipatenga nthawi kuti zifufutikiretu.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina likongole mmene mungafunire, koma mtengo uwerengeke.