VINYO WOCHIPA: WOGULA AWERENGE BOTOLO ASANAPEREKE NDALAMA

NYENGO ya misika ikafika m'boma la Vubwi, alimi atagulitsa cimanga, soya, nshawa ndi fodya, eni masitolo amadzaza mashelefu ao ndi katundu wa mitundumitundu. Pakati pa katunduyo pamapezeka vinyo, cakumwa cimene kale anthu ambiri a m'midzi anali kucionera pa guwa m'chalichi mokha. Lero vinyo amaoneka pa maukwati, pa Khirisimasi ndi pa madyerero ena, ndipo wina amagulitsidwa pa mtengo wotsika modabwitsa.

Kutsika kwa mtengo kuli ndi magwero awiri. Pali vinyo wabwino amene wachipa pa zifukwa zomveka, ndiponso pali cakumwa coonongeka kapena cacinyengo cimene cachipa cifukwa mwini wace afuna kucitaya msanga. Wogula amene sadziwa kusiyanitsa ziwirizi angathe kutaya thukuta la caka cathunthu, mwinanso ndi thanzi lace lomwe.

KUMENE VINYO ACOKERA

Vinyo weniweni ndi madzi a mphesa amene awira mpaka shuga wace wasanduka mowa. Wambiri amene amagulitsidwa muno m'Zambia amacokera ku South Africa, ku madera monga Stellenbosch ndi Paarl kufupi ndi Cape Town, kumene vinyo woyamba anafinyidwa m'caka ca 1659. Wina ndi wa ku Portugal, amene amapezeka kwambiri m'dziko la Mozambique, nthawi zina m'zigubu za malita 5.

Botolo locokera ku Cape Town limayenda makilomita oposa 3,000 kuti lifike ku Chipata, kenaka ndi kutsikira ku Vubwi. Pa ulendo wonsewo pali ndalama ya galimoto, msonkho wa Boma ndi phindu la wamalonda ali yense amene waligwira. Motero vinyo ali ndi mtengo umene sangatsike kupyola pamenepo popanda cifukwa, ndipo cifukwaco ndico wogula ayenera kufufuza.

KUCHIPA KOONA MTIMA

Zaka zina minda ya mphesa imabereka koposa, ndipo opanga vinyo amatsala ndi migolo yambiri imene alibe koigulitsa. Pamenepo masitolo akuluakulu amagula vinyoyo wocuruka pa mtengo wotsika, namuthira m'mabotolo olembedwa dzina la sitoloyo. Citsanzo codziwika ndi vinyo wochedwa Odd Bins wa masitolo a Checkers ku South Africa, amene ali m'banja limodzi ndi Shoprite, kampani imene inatsegula sitolo yace yoyamba mu Lusaka m'caka ca 1995. Pa botolo la Odd Bins amalembapo nambala, mtundu wa mphesa ndi caka, koma dzina la munda umene unapanga vinyoyo amalibisa, pofuna kuti mwini munda asaononge mtengo wa vinyo amene amagulitsa m'dzina lace.

Okonda vinyo amasakasaka mabotolo otere cifukwa nthawi zina amapeza cakumwa capamwamba pa ndalama zocepa. Koma amadziwanso kuti nambala iri yonse ndi vinyo wosiyana. Cifukwa cace amayamba agula botolo limodzi, nalilawa, nalemba nambala yace m'kabuku. Likawakomera amabwerera msanga kukagula ena, pakuti gulu limenelo likatha silibweranso. Nzeru yomweyi iyenera munthu wa ku Vubwi amene akonzekera ukwati wa mwana wace: alawe botolo limodzi asanalipire katoni yonse.

ZIMENE BOTOLO LINENA

Lamulo loteteza ogula la caka ca 2010, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limafuna kuti katundu wogulitsidwa muno akhale ndi cipepala cosonyeza dzina lace, zimene ziri m'kati, ndiponso dzina ndi malo a wopanga. Sitolo ingabise dzina la munda, koma siloledwa kugulitsa botolo losasonyeza amene ali ndi udindo pa ilo. Botolo lopanda keyala iri yonse ndi loyenera kulisiya pa shelefu.

Caciwiri ndi mphamvu ya mowa. Vinyo wamba amakhala ndi magawo a pakati pa 11 ndi 15 pa 100, pamene mowa wa m'mabotolo monga Mosi supitirira magawo 5. Kapu imodzi ya vinyo, ingakhale itsekemere ngati madzi a zipatso, iri ndi ukali woposa kawiri kapu yofanana nayo ya mowa wotere. Cakumwa cimene cilembedwa magawo 30 kapena 40 si vinyo ai, ngakhale cikhale cofiira ndi cojambulidwa mphesa. Cimeneco ndi mowa woukira wa gulu limodzi ndi kacasu.

Cacitatu ndi cidindo. Kuyambira m'caka ca 1973, dziko la South Africa liri ndi dongosolo lochedwa Wine of Origin. Vinyo amene wayesedwa pansi pa dongosolo limeneli amakhala ndi kacidindo ka manambala pakhosi pa botolo. Kacidindoko katsimikiza kuti mphesa zonse zinacokera ku dera lolembedwalo, ndi kuti magawo osacepera 85 pa 100 ndi a mtundu ndi caka zimene zachulidwa. Si vinyo yense wabwino amene ali nako, makamaka wa m'makatoni, koma kakapezeka ndi umboni wodalirika.

MASO, MPHUNO NDI LILIME

Mdani wamkulu wa vinyo m'dera lino ndi kutentha. Botolo limene lakhala pa windo la sitolo ya malata m'miyezi ya October ndi November limaphikika ngati liri pa moto. Zizindikiro zace ndi cotsekera cotumphuka, madontho ouma pakhosi pa botolo, ndi cipepala cofwifwa ndi dzuwa. Vinyo woyera akaonongeka amasanduka wa bulauni ngati tiyi, ndipo wofiira amataya kuwala kwace. Akatsegulidwa amanunkha viniga kapena katoni yonyowa.

Anthu ena amakhulupirira kuti vinyo ali yense amakoma akakalamba. Zimenezi n'zoona kwa mitundu yocepa yokwera mtengo yosungidwa pamalo ozizira. Vinyo wochipa anapangidwa kuti amwedwe m'caka cimodzi kapena ziwiri, ndipo wa m'katoni sakhalitsa ngati wa m'botolo, motero tsiku lodindidwa pa katonipo liyenera kuwerengedwa. Botolo likatsegulidwa limasasa m'masiku owerengeka.

CENJEZO LA M'MALIRE

Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, lacita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique. Njira za njinga ndi za njinga zamoto n'zambiri, ndipo si katundu yense amene amadzera pa zipata za Mwami ndi Chanida pamene pali oyang'anira a Boma. Cakumwa codzera m'chire palibe amene anaciyesa, ndipo cikadwalitsa munthu palibe wom'gwira. Coopsa koposa ndi mowa wosakanizidwa ndi mankhwala ochedwa methanol, amene amacititsa khungu ndi kupha, koma lilime silingawasiyanitse ndi mowa wamba. Munthu amene ayamba kuona mwa cimbuuzi, kusanza ndi kupuma mobvutika atamwa cakumwa cokayikitsa atengeredwe ku cipatala nthawi yomweyo.

Anthu a m'cigawo ca Kum'mawa akumbukira bwino tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene tinali kugulitsidwa ndalama yocepa kotero kuti ngakhale ana a sukulu anali kutigula. Boma linatiletsa mu April 2012 litaona mabanja akupasuka ndi acinyamata akuonongeka. Lamulo la mowa la caka ca 2011 limaletsanso kugulitsa mowa uli wonse, ndi vinyo yemwe, kwa munthu wosakwana zaka 18. Amai apakati ndi oyendetsa galimoto kapena njinga yamoto nao ayenera kuutalikira.

Wogula amene wapeza katundu woonongeka kapena wopanda cipepala coyenera asangodandaula kunyumba. Abwerere nalo botolo ku sitolo pamodzi ndi risiti, ndipo akakanidwa akanene kwa oyang'anira zaumoyo a khonsolo ya boma. Kutero ndi kupulumutsa anansi amene akanagula pambuyo pace.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi sagula mbeu ya cimanga asanaone cidindo ndi tsiku pa thumba, ndipo sagula ng'ombe asanaiyang'ane mano. Ndalama imene yatsala atagula feteleza ndi kulipira zofunika za ana ku sukulu iyenera cisamaliro comweco pamene ipita ku cakumwa ca madyerero.